Borakisi akavuta: zoyenera kuchita pa ntchito, kumunda ndi pakhomo

Kuno ku Kasungu borakisi amagulidwa ndi anthu a ntchito zosiyana kwambiri, ndipo aliyense amangomudziwa mbali imene imamukhudza. Owotcherera zitsulo pa boma, pa Santhe ndi pa Chinkhoma amamufuna kuti mkuwa uyenderere bwino polumikiza mafelemu a njinga. Alimi a fodya, mtedza ndi kabichi anamva kuti muli boroni, chakudya chimene mbewu zimafuna pang'ono chabe. Akalipentala ndi omanga ndi nsungwi amaviikamo mitengo kuti isafumbwe, osaka golide amasungunulira mchenga wawo, amayi ena amatcherera nyerere ndi mphemvu. Ine ndimagulitsa zipangizo za ulimi ndi zomangira, ndipo madandaulo obwerera pa kauntala sasintha chaka ndi chaka: wauma gwa, sakusungunuka, wawaula mbewu, akuuluka pamoto, mwana wanyambita. Ndikawafunsitsa eni ake, ambiri mwa mavutowa amapezeka kuti achokera pa zinthu ziwiri: kuyeza ndi maso, ndi kusunga ufa woyera m'jumbo yopanda dzina.

Kodi ufa muli nawowo ndi borakisidi?

Pa thumba amalemba kuti borax decahydrate kapena sodium tetraborate. Kuno sitikumba. Wambiri pa dziko lonse amachokera ku Turkey, makamaka ku mgodi wa Kırka, ndi ku Boron m'chigawo cha California ku America. Akafika m'matumba a makilogalamu 25, ogulitsa amamupungulira m'timapepala ta pulasitiki, dzina n'kutsalira pa thumba lalikulu lija. Ufawu ndi woyera, ulibe fungo, ndipo ukakhala pafupi ndi soda wothira m'therere kapena mchere wosalala, diso silingasiyanitse.

Musalawe ayi. Tapani pang'ono pa chivindikiro, mudonthezerepo madzi a mandimu kapena viniga. Soda amachita thovu pompo, borakisi amangonyowa, phee. Kuti mumusiyanitse ndi mchere, ikani pang'ono pa chitsulo chotentha: mchere umangothetheka n'kukhala momwemo, koma borakisi amafufuma n'kuyera ngati mbuliwuli, ndipo moto ukakula amasungunuka n'kukhala madzi onyezimira amene akazizira amalimba n'kusanduka galasi.

Kufufumako kuli ndi chifukwa chake. Pa magalamu 100 a borakisi wamba, pafupifupi magalamu 47 ndi madzi omangika m'kati mwa timiyala take, ndipo boroni ndi magalamu 11 okha. Palinso mtundu wina wolembedwa pentahydrate, umene boroni wake amafika pa 15, ndi wopopera wotchedwa Solubor amene amafika pa 20. Mlingo umene munauzidwa wa borakisi wamba mukaugwiritsa pa Solubor, ndiye kuti mwathira pafupifupi kawiri. Chonde werengani thumba musanagule, ndipo wogulitsa akakupungulirani, mupempheni alembe dzina ndi mtundu wake pa pepalalo inu muli pomwepo.

Wauma gwa, kapena wasanduka fumbi lotuwa

M'dzinja, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, thumba losiyidwa kukamwa kapena logonekedwa pa simenti limakoka chinyontho, ufa n'kugwirana kukhala chibuma. Matumba osanjikizana ambiri amachitanso chimodzimodzi, a pansi ndiwo amayamba. Mu Okutobala zimatembenuka: kutentha ndi kuuma kwa mpweya kumamuchotsa madzi ake ena, timiyala tija n'kutuwa n'kumafumbutuka m'manja.

Onse awiriwa sanawonongeke, musataye. Chibumacho chikulungeni m'thumba lolimba, muchiphwanye ndi hamala panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Musasinjire mumtondo wa pakhomo, musasefere sefa ya ufa. Wotuwayo ingodziwani kuti wataya madzi, choncho galamu iliyonse ili ndi mphamvu yochulukirapo. Ngati ndi wa kumunda, tengani mlingo wotsika. Posunga, chidebe cha pulasitiki chotseka bwino chimaposa thumba. Chikhale pa thabwa, kutali ndi malata otentha, ndiponso kutali ndi chipinda chimene mumasungamo ufa, shuga ndi chakudya cha nkhuku.

Sakusungunuka, kapena watseka mpope

Lita imodzi ya madzi ozizira a pa mjigo imalandira borakisi wosapitirira magalamu 50. Wotsalayo amangokhala pansi ngakhale mutakasa mpaka mkono kulema. M'madzi otentha amasungunuka wochuluka kangapo. Ndiye yambani ndi madzi otentha: sungunulani mlingo wanu m'kachidebe, musefe ndi kansalu, kenako muthire m'madzi ambiri aja.

Koma chenjerani ndi chisanu. Mukasungunula wambiri madzulo a mu Juni kapena Julaye n'kusiya kuti agone, m'mawa mupeza timiyala tonyezimira tamera pansi ndi m'mbali mwa chidebe. Madzi akazizira amalavula zimene analandira ali otentha. Zikachitikira mumpope, timiyalato timatseka sefa ndi kabowo kopoperako. Musatokose kabowoko ndi waya, mukakuza n'kumathira mopyola, ndipo musakapemerere ndi pakamwa. Kamasuleni, mukaviike m'madzi ofunda, katseguka kokha. Sakanizani zokwanira tsiku lomwelo, ndipo mukamaliza tsukani mpope.

Kumunda: apa ndi pamene ambiri amalira

Bambo wina anabwera ndi masamba a nyemba m'thumba la malaya, m'mphepete monse mutapsa.

"Achimwene, mankhwala anu aja andiwotchera dimba."

"Munathira bwanji, bambo?"

"Ndinangowaza dzanja limodzi pa bedi, monga timachitira ndi yuleya."

Yuleya ndi CAN timaziyeza ndi matumba pa ekala. Borakisi ayi. Mlingo umene alangizi ambiri amatchula pa mbewu za m'munda ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa hekitala, kutanthauza makilogalamu 2 mpaka 4 pa ekala yonse. Mukawerengera bwino, mlingo wapamwambawo ndi galamu imodzi yokha pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu 4 kapena 5. Bedi la mamita 10 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi silifuna zoposa masupuni aang'ono awiri, pamene dzanja lodzaza limaposa pamenepo kangapo. Palibe chakudya china cha mbewu chimene malire a pakati pa kupereweza ndi kupyoza ali pafupi chonchi, ndipo n'chifukwa chake ndimakakamira kuti wogula borakisi wa kumunda akhale ndi sikelo yaing'ono ya magalamu, kapena ayezeretu pa shopu pomwepo m'timapepala ta bedi lililonse.

N'zoona kuti dothi lamchenga, longa la madera ambiri a kuno ndi ku Mchinji, limataya boroni msanga chifukwa mvula imamutsitsa pansi. Kusowa kwake kumaonekera ku nsonga: masamba anthete amapindika n'kumathyoka msanga, nsonga ya fodya imafa, tsinde la kabichi limakhala ndi mphako, chisononkho cha chimanga chimakhala ndi mipata. Pa mtedza, mukaswa njere pakati mumapeza m'kati mwake muli kadzenje kodera. Kuchuluka kwake kumaonekera mbali ina: masamba akale a m'munsi ndiwo amayamba, nsonga ndi m'mphepete mwake kuchita chikasu kenako kupsa, n'kuyoyoka. Yang'anani kaye kuti ndi masamba ati amene adwala. Ena akaona kupsa kwa m'munsiku amaganiza kuti borakisi wachepa n'kuwonjezera, munda n'kutheratu.

Si vuto lililonse limene lili la boroni. Makoko a mtedza opanda kanthu m'kati kawirikawiri amabwera chifukwa chosowa kashiamu kapena ng'amba ya nthawi yoika, ndipo pamenepo chofunika ndi jipisamu, feteleza wokhala ndi kashiamu. Alimi a fodya, onaninso thumba la feteleza wanu wokulitsira: pa D Compound ndi Super D manambala aja amathera ndi chilembo B, kusonyeza kuti boroni alimo kale. Kuwonjezera borakisi pamwamba pake popanda kuyezetsa dothi n'kudziputira. Dothi amayeza ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ndi ARET, ndipo mlangizi wa m'dera lanu akhoza kukuuzani katengedwe kake.

Ngati zatsimikizika kuti akufunika, musakanize ndi ndowa ya mchenga wouma wosefa kuti awazike mofanana, muwaze pokonza mizere. Musamuike m'phando limodzi ndi mbewu, amapha mmera usanatuluke. Popopera masamba, galamu imodzi kapena awiri pa lita ndi zokwanira: mumpope wa malita 16 ndi magalamu 16 mpaka 32. Poperani m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo. Mupopereni yekha. Madzi a borakisi ali mbali ya chidulo osati ya asidi (pH ya pafupifupi 9), ndipo mankhwala ena a tizilombo amatha mphamvu msanga m'madzi otere, pamene feteleza wopopera wokhala ndi kashiamu kapena zinki amaundana naye n'kukhala matope pansi pa mpope.

Nanga mwathira kale mopyola? Kudimba, thirirani madzi ambiri mobwerezabwereza kuti atsike kupitirira mizu, ndipo madziwo akhale ndi kolowera. Pa bedi limene ufa ukuonekabe pamwamba, palani dothi la pamwambalo kaye musanathirire. Kumunda wa mvula palibe chochita chachangu kupatula kudikira mvula itsuke. Masamba opsa sachira, muziyang'ana otuluka kumene. Pamalo potero nyengo yotsatira musabzalepo nyemba, khobwe kapena mtedza, chifukwa sizipirira. Chimanga, kabichi ndi tomato zimapirirako. Mitengo ya malalanje ndi mandimu ndiyo imavulala msanga kuposa zonse.

Powotcherera ndi posula

Ntchito ya borakisi pamoto ndi kusungunula dzimbiri lopyapyala limene limabadwa chitsulo chikatentha, ndi kuphimba malowo kuti mpweya usafikepo. Akatero mkuwa umalowa bwino m'mpata. Amayamba kugwira ntchito akasungunuka, pa madigiri opitirira 740, chitsulo chitafiira.

Dandaulo loyamba ndi lakuti akungofufuma n'kuuluzika ndi moto wa gasi. Ndi madzi aja akutuluka. Tenthetsani nsonga ya rodi, kandodo ka mkuwa kowotcherera, kaye, muiviike mu ufa kuti umatirire, kapena kandani ufawo ndi madzi pang'ono mupake pa malo olumikiza, n'kuyamba kutenthetsa chapatali mpaka phalalo liume. Amisiri ena amamuwotcheratu m'chitini chachitsulo mpaka aleke kufufuma, n'kumuperanso. Wotereyu sauluka, koma amakokanso chinyontho msanga, choncho amafuna botolo lotseka.

Lachiwiri ndi lakuti mkuwa ukungopanga timipira osayenderera. Kawirikawiri wolakwa si borakisi. Mwina pali girisi, penti kapena dzimbiri lokhuthala, zimene zimafuna fayilo ndi sandipepa poyamba. Mwina mukutenthetsa rodi m'malo motenthetsa chitsulo. Mwina mwatenthetsa nthawi yaitali mpaka borakisi wada n'kutha mphamvu. Zikatero lekani, zizizire, palani, yambaninso. Dziwaninso malire ake: pa aluminiyamu sagwira, ndipo pa mtovu womatira zidebe ndi mawaya sathandiza, chifukwa mtovuwo umasungunuka borakisi asanayambe n'komwe.

Galasi lotsalira pa cholumikiziracho lichotseni, chifukwa limabisa ming'alu ndipo penti sagwirapo. Madzi otentha amalifewetsa, kenako bulashi ya waya. Mukamagogoda ndi hamala valani magalasi, tizidutswa take timathamangira m'maso. Osula makasu ndi nkhwangwa pa chipala akumbukire kuti borakisi wosungunuka amadya dothi ndi njerwa za ng'anjo, ndipo pomenya chitsulo amathetheka kutali. Mwana wopukusa mvukuto asaime kutsogolo.

Pali chinthu chimodzi chimene borakisi amanamiziridwa. Mmisiri akawotcherera masana, usiku n'kuyamba kuzizidwa, kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, amati ndi utsi wa borakisi, ena amati malungo. Nthawi zambiri ndi utsi woyera wa zinki, wochokera ku rodi ya mkuwa yotenthedwa mopyola kapena ku mapaipi ndi malata okutidwa zinki. Kumwa mkaka sikuteteza. Chimateteza ndi kugwirira ntchito pa mpweya, mutu uli kumbali kwa utsi, ndi kupala zinki musanayatse moto. Mukadwala chonchi kayezetseni malungo ndithu, koma muwauzenso adokotala ntchito imene munagwira tsikulo. Ufa wowotcherera wa m'zitini wogula kale nthawi zina umakhala ndi fluoride, amene utsi wake ndi woipa kuposa wa borakisi wamba, ndiye werengani chitinicho.

Kwa osaka golide ndinene mwachidule. Borakisi sasungunula golide, amene amafuna madigiri 1,064. Chimene amachita ndi kusungunula mchenga ndi zitsotso zina kuti golide atsike pansi n'kukhala kampira. Ngati mchenga wakuda wachuluka chifukwa simunatsuke mokwanira, mupeza phala lolimba golide atamwazikamo. Bwererani kotsuka, osangowonjezera ufa. Zonse zikhale zouma, chifukwa chinyontho chikakumana ndi zosungunuka zimaphulikira kumaso. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imalowa m'malo mwa mekyule, chitsulo chamadzimadzi chimene ena amagwirira golide. Koma kuthira borakisi pa golide wosakaniza kale ndi mekyule sikuchotsa poizoni, utsi wake umawonongabe ubongo ndi impso za wowotchayo ndi a pakhomo pake.

Nsungwi ndi mitengo zafumbwabe

Apa zifukwa zimakhala zitatu, ndipo chachikulu ndi kuviika mitengo youma. Borakisi amalowa mumtengo poyenda m'madzi a mtengowo, choncho nsungwi ndi matabwa ziviikidwe zikadali zaziwisi. Kupaka ndi bulashi pa thabwa louma kumangoyeretsa pamwamba. Nsungwi ziboole mfundo zake ndi chitsulo chachitali kuti madzi alowe m'kati, uzitsindike ndi miyala zimire, zikhale sabata imodzi kapena awiri, kenako ziume pamthunzi.

China ndi kuchepa mphamvu kwa madziwo. Borakisi yekha amafika msanga pa malire ake osungunukira, koma akasakanizidwa ndi boric acid, ufa wina woyera wokhala ndi boroni, zimasungunuka bwino. Muyezo wodziwika ndi makilogalamu 3 a borakisi ndi 2 a boric acid pa malita 100 a madzi.

Chachitatu ndi mvula. Mankhwalawa samatirira mumtengo, madzi amawatsuka monga momwe anawalowetsera. Ndi abwino pa mitengo ya denga, mipando ndi zonse zokhala pansi pa denga. Nsanamira za chigafa zokumbira pansi, kapena mitengo ya mpanda, sizitetezeka kwa nthawi yaitali, chiswe chidzafika ndithu. Ndipo zinthu zokhudza chakudya, monga lichero, dengu la ufa, mthiko ndi nkhokwe, musaziviike m'madzi amenewa.

Nyerere sizikutha

Ambiri amachulutsa. Nyambo ikakhala yamphamvu nyerere zimaikana, kapena zimafera panjira zisanafikitse kuuna kumene kuli mfumukazi yazo yoikira mazira. Supuni yaing'ono imodzi mu theka la lita ya madzi a shuga ndi yokwanira, ndipo pamafunika kudekha masiku angapo. Kuwaza ufa m'nyumba monse sikuthandiza, kumangoika pangozi ana okwawa.

Nyambo imeneyi ndimaiopa kuposa ntchito zina zonse za borakisi, chifukwa ndi yotsekemera. Isakhale m'botolo la zakumwa, isakhale pa mbale yotsegula. Viikani kathonje, mukaike m'kachitini kotseka koboola timabowo tolowa nyerere zokha, mukabise kumene mwana, galu ndi nkhuku sizifika. Wotsala tayani m'chimbudzi chokumba tsiku lomwelo. Ndipo borakisi asalowe m'chimanga chosunga kuti aphe anankafumbwe. Za chimanga zilipo zake, monga Actellic ndi matumba a PICS.

Akalowa m'thupi

Borakisi sayaka moto, saphulika, ndipo pa khungu labwinobwino salowa kwenikweni. N'chifukwa chake anthu amamuderera. Koma pa bala, pa chilonda cha moto ndi pa khungu losupuka amalowa mpaka m'magazi. Kale kumayiko a azungu makanda ankadwala, ena kumwalira, chifukwa chowazidwa ufa wa boric acid pa zilonda za thewera, ndipo ena ankakomoka chifukwa chopakidwa uchi wosakaniza borakisi m'kamwa. Asapakidwe pa chilonda, pa zipere kapena m'kamwa mwa mwana, zivute zitani.

Mwana akameza, mutsukeni m'kamwa, mumupatse madzi pang'ono ngati ali maso ndipo akumeza bwino, n'kunyamuka kupita kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ku chipatala cha boma ku Kasungu, ku Nkhamenya, ku Mtunthama kapena chaching'ono chimene muli nacho pafupi. Musadikire zizindikiro. Thupi la mwana ndi laling'ono, magalamu ochepa ndi ambiri kwa iye. Musamusanzitse ndi chala kapena ndi madzi a mchere, madzi a mcherewo paokha akhoza kupha mwana. Makala osinja sagwira borakisi, musataye nawo nthawi. Nyamulani pepala kapena thumba lake, ndipo muwauze achipatala nthawi imene wameza ndi kuchuluka kwake monga mukuganizira.

Zizindikiro zake ndi nseru, kusanza, kutsekula m'mimba, nthawi zina zotulukazo zimakhala zobiriwira, ndi kupweteka m'mimba. Zikakula khungu limafiira kwambiri kenako n'kusupuka, munthu amafooka, amatha kukomoka, mkodzo n'kuchepa. Thupi limamutulutsa kudzera mu impso, ndiye amene ali ndi vuto la impso, okalamba ndi makanda ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Wamkulu wathanzi amene wangolawa pang'ono mwangozi kawirikawiri zimathera pa kumwa madzi, koma akameza zoposa supuni yaing'ono, kapena akayamba kusanza, apite kuchipatala. Ngati wathiridwa m'ndiwo m'malo mwa soda, mphika wonsewo utayidwe m'dzenje, osapatsa galu kapena nkhumba, ndipo onse amene adyako ayang'aniridwe, ana n'kupita nawo kukaonedwa.

M'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15, chikope chili chotsegula. Kukapitirira kuwawa, kuchipatala. Fumbi lake limaumitsa m'mphuno ndi kukhosi, limatsokomoletsa, ena mpaka kamfuno. Opungula matumba tsiku ndi tsiku avale masiki ya fumbi ndi magolovesi, ndipo asambe m'manja asanagwire nsima.

Palinso nkhani ya uchembere. M'chaka cha 2010 bungwe la European Union linaika borakisi pa mndandanda wa mankhwala odetsa nkhawa kwambiri, ndipo matumba ochokera kumeneko amalembedwa H360FD, kutanthauza kuti akhoza kusokoneza kubereka ndi kuvulaza mwana wosabadwa. Izi zinachokera pa kafukufuku wa nyama zimene zinkadyetsedwa wambiri. Pakati pa anthu ogwira ntchito m'migodi ya boroni ku Turkey ndi ku China vutoli silinaoneke bwinobwino, komabe ine mayi woyembekezera sindimulola kupungula kapena kusakaniza borakisi pa shopu, ndipo ndikupempha kuti kwanunso zikhale choncho. Ntchitoyo agwire wina.

Mu 2023 pa TikTok panafala timakanema ta anthu akumwa madzi a borakisi ati pochiza nyamakazi, ndipo zoterezi zimafika m'magulu athu a WhatsApp mochedwa koma zimafika. Abale anga, musamwe. Boroni wochepa amene thupi limalandira amapezeka kale mu mtedza, nyemba ndi zipatso. Mayiko ambiri analetsa kuthira borakisi m'zakudya, ndipo wokuuzani kuti amasunga nyama kapena nsomba kuti isawole akukuphunzitsani kudyetsa anthu poizoni.

Watayika pansi, kapena madzi atsala

Ufa ukatayika, musathirepo madzi. Kokolani pang'onopang'ono ndi fosholo kapena katoni kuti fumbi lisabuke, mubwezere m'chidebe. Wodetsedwayo agwirabe ntchito powotcherera. Pomaliza pukutani ndi chiguduli chonyowa. Akatayikira pa dothi, palani dothilo, chifukwa pamalo potero udzu ndi mbewu zimakana kwa nthawi yaitali.

Madzi oviikira nsungwi musataye mukangogwiritsa kamodzi. Asefeni, muwonjezere mankhwala pang'ono, muviikenso zina, ndipo mgolowo uzikhala wovindikira kuti mbuzi ndi ng'ombe zisamwemo. Akafika potha ntchito, asathiridwe pansi pa mtengo wa zipatso, m'ngalande yopita kudimba, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje. Asiyeni m'chidebe chotambalala padzuwa, pamalo otchinga, aphwe. Zotsalira pansizo muzikokole n'kuzisungunulanso ulendo wina. Mgolo ndi zidebe zimene munali borakisi zilembedwe ndi penti, zisabwererenso kotungira madzi akumwa kapena kofululira thobwa.